Madamu, ndi mapointi 13 ndingalowe udokotala?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa fomu 4 pa CDSS ina kuno ku Salima, cha mbali ya ku Khombedza uko. Dzina sinditchula, anachita kundipempha. Ndaidulako poti inali yaitali koma nkhani yake ndi iyi:

"Madamu, pa moko ndapeza mapointi 13. Agiri 1, Masamu 2, Bayoloje 2, Chichewa 2, Chingerezi 3, Jogalafe 3, Fizikisi 4, Kemisitire 5. Ine ndimafuna udokotala ku KUHeS basi, china sindichiganizirako. Pasukulu pathu palibe labu. Anzanga akuti ana a pa CDSS satengedwa ku makosi ngati amenewo, msuweni wanga naye akuti ngati ulibe wokudziwa kumtunda ungotaya nthawi. Kumudzi anayamba kale kundiitana kuti adokotala moti usiku tulo sindikupeza. Mwayi ndili nawo? Mundiuze zoona."

Mwana wanga, wati ndikuuze zoona nde ndikuuza. Mapointi 13 pa moko, pa sukulu yopanda labu, umenewo ndi mutu ndithu, ndipo MSCE ikatuluka chonchi ndiye kuti ku yunivesite ya boma uli ndi mwayi wabwino zedi. Koma udokotala, ndi 5 ya Kemisitire ndi 4 ya Fizikisi, ayi. Magiredi akakhala omwewa usadzadikire dzina lako pa kosi imeneyo.

Vuto lake lili apa. Ana ambiri mumawerenga mapointi ngati ndalama ya mthumba, kuti 13 ndi 13 basi. MANEB imapereka giredi kuyambira 1 mpaka 9, 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 wangokhoza, 9 walakwa, ndipo mapointi aja amachokera pa maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino kwambiri. Nde taona 13 yakoyo yachokera kuti. Yanyamulidwa ndi Agiri, Chichewa ndi Jogalafe. Kemisitire ndi Fizikisi sizinalowemo nkomwe muchiwerengero. Pomwe kosi iliyonse ili ndi maphunziro ake amene imafuna, ndipo ya udokotala imayang'ana Bayoloje, Kemisitire, Fizikisi, Masamu ndi Chingerezi. Chichewa chako cha 2 chija ndi chokoma, ine ndasangalala nacho, koma pamenepo sichikuthandiza. Ndipo amene ukupikisana nawo pa malo ochepawo ndi ana a mapointi 6, 7, 8 aja timawamva pa wailesi zotsatira zikatuluka, oti sayansi yonse anangoikolola ma 1 ndi ma 2 okhaokha. Munthu wa mapointi 15 amene sayansi yake ili bwino akhoza kukhala patsogolo pako pa kosi ya zaumoyo, iwe ndi 13 yako uli pambuyo.

Zoti ana a pa CDSS satengedwa, si lamulo ayi. Palibe amene amati uyu wachokera ku sukulu yoyendera mchotseni. Chimene chimachitika n'choti mwana wa ku sukulu ya boma yogonera komweko kapena ya mishoni wakhala akugwira byureti, kachubu kagalasi koyezera timadzi mu labu, ndi manja ake kuyambira fomu 3, magetsi alipo, mphunzitsi wa Kemisitire ndi wa Kemisitire weniweni, pomwe iwe byureti unangoiona yojambula pa bolodi ndipo madzulo ukafika kunyumba pali mtondo ukukudikira. Mpikisano ndi umodzi koma poyambira n'posiyana. Zimapweteka, ine ndimaziona tsiku ndi tsiku mkalasi. Kale kunali kota, malo ena ankagawidwa potengera boma limene munthu akuchokera, koma boma linathetsa zimenezo mu 2020. Ena ankati zinkathandiza maboma ngati athu ano, ena ankati zinkapondereza ana okhoza bwino a maboma ena, mkangano umenewo tisauyambe lero. Chofunika kwa iwe n'choti kulemba kuti Salima pa fomu sikukupatsa malo, magiredi ako ndi amene akulankhulire.

Za msuweni wakoyo. Ine ana amene ndinawaphunzitsa n'kupita ku Bunda, ku Mzuni, ku Chanco, makolo awo ndi asodzi a ku Senga Bay ndi alimi a mpunga a ku Lifuwu, wokudziwa kumtunda akanamutenga kuti? Chimene ndingakuchenjeze ndi anthu oimba foni aja, oti titumizireni kangachepe pa Mpamba kapena pa Airtel Money tiike dzina la mwana wanu pa mndandanda. Akuba amenewo. Bambo ako asagulitse mbuzi chifukwa cha munthu wa pafoni.

Tsopano pamene ndikufuna ukhazikike ndi pa fomu yofunsira malo. Masiku ano mayunivesite a boma sapanga aliyense zake, umalemba fomu imodzi kudzera ku NCHE, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, ndipo umasankha makosi angapo motsatana, woyamba, wachiwiri, choncho. Mayunivesite ake ndi UNIMA ku Zomba, MUBAS ku Blantyre imene tinkaitcha Poly, KUHeS imene inapangidwa pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing pamene UNIMA yakale inagawidwa mu 2021, LUANAR ku Bunda, Mzuni ku Mzuzu ndi MUST ku Thyolo. Ana anzeru ambiri amagwera pa fomu imeneyi osati pa mayeso. Amalemba udokotala, kenako za mankhwala, kenako za mano, mizere yonse makosi olimbirana okhaokha ofuna Kemisitire yomweyo imene yawavuta, nde ukagwa pa woyamba wagwa ponse. Akuluakulu amati mapanga awiri avumbwitsa, koma pa fomu iyi limene limavumbwitsa ndi phanga limodzi.

Ndikunena izi poti zinandionekera. Nthawi yathu UNIMA inali imodzi, tinkalemba kaye mayeso ena olowera, ndipo mayina ankaulutsidwa pa wailesi. Ine ndinasankha zapamwamba zokhazokha poti pasukulu pathu ndinali nambala wani ndipo ndinkaona ngati dziko lonse ndi kalasi yathu ija. Tsiku la mayina tinakhala pakhonde banja lonse, wailesi ili pa mpando, mabatire tinachita kuwayanika padzuwa kuti asathere panjira, mayi anga atasiya nsima pamoto. Anawerenga, anawerenga, anadutsa chilembo cha dzina langa, ine ndikuti mwina abwerera. Nyimbo inalowa. Mayi anangodzuka n'kukapitiriza kuvundula, osalankhula kanthu, ndipo kusalankhulako kunandiwawa kuposa akanandikalipira. Mnzanga amene ndinkamuposa mkalasi anatengedwa poti iye anaika za uphunzitsi. Ine ndinatha chaka ndikugulitsa mandasi pa Kamuzu Road ndisanapeze malo ku Domasi, digiri ndinadzaipeza mochedwa ndili kale pantchito ndi mwana kumbuyo.

Nde iwe udokotala uuike poyamba ngati MSCE yatuluka bwino, palibe choletsa, koma pansi pake paikidwe zinthu zimene magiredi ako akuzifikira. Ndi Bayoloje 2, Masamu 2 ndi Agiri 1, ku LUANAR kuli makosi ambiri amene angakulandire ndi manja awiri, za kadyedwe koyenera, za ulimi wa nsomba, za mbewu, ndipo mwana wa kunyanja ngati iwe za nsomba usazione ngati zonyozeka. Ngati mtima uli pa chipatala basi, unamwino ndi uzamba uliko ku KUHeS komweko ndi ku Mzuni, ngakhale nawonso anthu amaulimbirana kwambiri usaone ngati ndi pothawira. Ku Mzuni kulinso za maso. Ndipo kunja kwa NCHE kuli Malawi College of Health Sciences ndi makoleji a CHAM, bungwe la zipatala za mishoni, ngati ku Nkhoma, amene amaitana paokha. Anthu ambiri amene kumudzi timawatcha adokotala pa chipatala chaching'ono ndi ma clinical officer ndi ma medical assistant, ndipo ndi amene agwira umoyo wa dziko lino m'midzimu. Alipo ena anayambira kumeneko n'kudzapitiriza maphunziro pambuyo pake.

Fomuyo udzalembe wekha, utawerenga zofunika pa kosi iliyonse mzere ndi mzere. Chaka china ndinapeza mnyamata wanga pa kafe ina m'tauni muno, wakhala pambali manja ali m'thumba, amene akusankha makosi ndi mnyamata wa pakompyuta, akuti iyi ndiye ya ndalama iyi. Anamuikira za uinjiniya mwana woti Masamu anapeza 6. Komanso malamulo amasinthasintha, chaka ndi chaka NCHE imatulutsa chikalata chake, nde usadalire zimene anachita mkulu wa mnzako zaka zinayi zapitazo.

Koma pepani ndathamangira kutsogolo, mayeso enieni sunalembe. Moko si MSCE. Pakati pa lero ndi nthawi imene mwera uyambe kuwomba pali miyezi yoti 5 ija ikhoza kusanduka 3 kapena 2, ndaziwonapo. Agiri ndi Chichewa uzipumitseko pang'ono, zili bwino kale, nthawi yambiri ipite ku Kemisitire ndi Fizikisi. Funa mapepala a mayeso akale a MANEB, uziwalemba utatchera nthawi osati kungowerenga mayankho. Ma mole ndi kubalansa ma equation ndi Masamu chabe, ndipo iwe Masamu umawatha. Za labu, pitani kwa ahedi muli gulu, mwaulemu, mukapemphe kuti akukonzereni Loweruka limodzi kapena awiri pa sukulu ina yapafupi imene ili ndi zipangizo, chifukwa pepala la pulakitiko ndi limene limagwetsa ana a pa CDSS, munthu kugwira chipangizo koyamba tsiku la mayeso manja amanjenjemera. Pakadali pano yesa ichi kunyumba: wiritsa chidede, madzi ofiira aja uwathire m'makapu awiri, kwina ufinyiremo ndimu, kwina uthiremo chidulo chimene amayi amaphikira therere. Kwa ndimu kufiira kuwala, kwa chidulo mtundu usintha kupita kobiriwira. Ndi asidi ndi alikali zimenezo, indiketa yozisiyanitsira wapanga wekha. Sizilowa m'malo mwa labu koma ukaona ndi maso suiwala.

Za fizi sunafunse koma ndikudziwa zili mumtima. Kuli bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira a m'mayunivesite, HESLGB, ukatengedwa umafunsira. Si onse amene amapatsidwa ndipo ndalama yake siikwanira zonse, nde makolo ayambiretu kuika padera kangachepe mpunga ukagulitsidwa.

Dzina la adokotala lija ndiye landikhudza. Anthu akumudzi sakukunyoza, akunyadira, koma sakudziwa kuti akusenzetsa mwala. Ukhale pansi ndi amayi ako, iwo okha kaye, uwauze mmene ndakufotokozeramu, kuti malo ndi ochepa, kuti Kemisitire ikuvuta, kuti ukhoza kupita ku yunivesite koma kukaphunzira china. Amayi akamvetsa, azakhali ndi a kutchalitchi adzawayankha ndi iwowo, iwe n'kumagona tulo.

Zotsatira zikadzatuluka unditumizire magiredi onse asanu ndi atatu, osati mapointi okha, tidzaone limodzi makosi usanapite ku kafe kuja.