Voisi ya pa gulu la banja: yankho kwa amalume pa nkhani ya waqf ya ku Sarajevo

Eee amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Ndamva funso lanu lija, loti kodi nzoona zomwe ananena shehe Lachisanu kuti ku Bosnia kuli mzinda womwe unakula chifukwa cha waqf basi, chuma chija munthu amapereka kwa Mulungu kuti chizithandiza anthu mpaka kalekale. Nzoona ndithu, amanena Sarajevo, ndipo kumeneko amati vakuf.

Derali linali m'manja mwa Aturuki, ufumu wa Ottoman uja. Mu 1462 bwanamkubwa wina, Isa-beg Ishaković, analembetsa chikalata chopereka chuma chake kwa Mulungu, nthawi imeneyo pamalopo panali timidzi chabe m'mbali mwa mtsinje wa Miljacka. Iyeyu anamanga mzikiti, mlatho, bafa la anthu onse, mashopu, zigayo zoyendera madzi, komanso nyumba ya alendo momwe wapaulendo amagona ndi kudya ulere. Ndiye tangoganizani, wamalonda wamva kuti uko kuli mlatho, pogona pabwino ndi msika, angalambalale? Ayi. Amisiri nawo, osula, osoka zikopa, anatsatira makasitomala, tauni nkuyamba choncho.

Koma amene anaikuza kwenikweni ndi Gazi Husrev-beg, mdzukulu wa Sultan Bayezid II kudzera kwa mayi ake. Mzikiti wake waukulu uja unamangidwa cha m'ma 1531, madrasa mu 1537, kuphatikiza khitchini yophikira osauka, bafa lina, msika wofolera wogulitsiramo nsalu womwe amati bezistan, ndi mapaipi obweretsa madzi kuchokera ku kasupe kunja kwa tauni.

Tsono apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse amalume, chifukwa anthu ambiri amangoona mzikitiwo. Bambo ameneyu sanangomanga nkuchokapo ayi, nyumba iliyonse yodya ndalama anaimangirira ku chinthu chobweretsa ndalama, mashopu, nyumba zogona amalonda, minda, ndipo renti yake ndi yomwe imalipira imamu, aphunzitsi, ophika, wosesa, mafuta a nyale, ngakhale kukonza denga likadontha. Zonse zinalembedwa, uyu azilandira zakuti, uyu zakuti, ndipo pamakhala woyang'anira wake, mutevelija, khoti la kadi, woweruza wachisilamu, likumuona. Chuma chikalowa mu vakuf basi chatsekeka, sungagulitse, sungapatse munthu, ana ako sangabwere mawa kudzati ndi za bambo athu tigawane. Mwiniwake anamwalira 1541 koma malipiro sanaime. Ine chomwe chimandisangalatsa nchakuti pa madrasa paja analamula kuti ndalama zotsala pomanga zigulire mabuku abwino, ndipo layibulale ya Gazi Husrev-beg inayambira pamenepo, mpaka lero ilipo, madrasayo nayonso ikuphunzitsabe ana.

Si Sarajevo yokha. Ku Banja Luka bwanamkubwa Ferhad-paša anachita zofanana, mzikiti wake wa Ferhadija ndi wa 1579, ndipo pa mapu mupeza matauni ngati Gornji Vakuf ndi Donji Vakuf.

Komanso tisawayeretse kwambiri anthuwa, anali akuluakulu a nkhondo, chuma chambiri chinkachokera ku nkhondo ndi misonkho, ndipo kumanga tauni kumalimbitsanso ulamuliro wa sultan m'dera lomwe angolanda kumene. Mavuto anabweranso. Mu 1697 Eugene wa ku Savoy, mkulu wa asilikali a Austria, anatentha Sarajevo, kenako nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha boma la chikomyunizimu la Yugoslavia linalanda minda ndi nyumba zambiri za vakuf, pamenepo ndiye zinavuta zedi poti zinali zija zobweretsa renti. Ferhadija anauphulitsa mu 1993 pa nkhondo ya ku Bosnia, unatsegulidwanso 2016.

Ndiye ngati mumafunsa chifukwa cha puloti ija mukufuna kupereka ku madrasa, ine ndingati mbali yoyang'ana kumsewu musiye ya mashopu, ndipo mapepala alembedwe bwinobwino mukadali ndi mphamvu, mboni zilipo. Tikambirana bwino madzulo ndikaweruka, mupereke moni kwa azakhali.