Funsani Azakhali: Pa chithunzi cha mwana wanga ku Oxford pali mnyamata wandevu wavala siketi

Azakhali,

Mwana wanga wachiwiri anapeza sikolashipu ku Oxford ku England ndipo wayamba sukulu mu Okutobala. Tsiku lowalandira anatitumizira chithunzi pa WhatsApp, iyeyo ali mu suti yakuda, shati yoyera, katayi kagulugufe kaja ndi kagawuni pamwamba, ine mpaka misozi. Koma nditachikulitsa chithunzicho ndi zala kuti ndimuone bwino mwana wanga, ndangoona pambali pake paima mnyamata wamtali, ndevu zake zili bwinobwino, wavala siketi yakuda yofika mmaondo ndi masokosi aatali achizimayi aja. Nditamufunsa wangayo anangoyankha kuti "amayi zimaloledwa kuno" nkuika kankhope koseka basi. Abambo ake akuti anamva kuti masukulu akumeneko ayamba kukakamiza anyamata kuvala masiketi, akuti tsiku lina tidzangoona wathuyo wavalanso. Kodi nzoona zimenezi? Chithunzicho mpaka lero sindinawaonetse apongozi.

Mayi wodabwa

Mayi, choyamba zikomo kwambiri pa mwanayo, ku Oxford sikongolowa ngati kumsika ayi. Ndipo akuluwo muwauze mtima ukhale mmalo, palibe amene akukakamizidwa siketi kumeneko. Mwana wanu akhoza kumaliza digiri yake yonse ali mu thalauza osafunsidwa ndi munthu.

Zovala mwaziona pa chithunzizo zili ndi dzina, amati sub fusc, mawu ochokera ku Chilatini otanthauza chinthu chamtundu woderapo. Ku Oxford samazivala tsiku ndi tsiku, mkalasi ana amalowa ndi majinzi awo ngati kwina kulikonse, koma pali masiku amene popanda sub fusc sulowa: tsiku lolandiridwa lija ku holo ya yunivesite yotchedwa Sheldonian Theatre, masiku a mayeso akuluakulu, ndi tsiku la galajuweshoni. Eya mwamva bwino, mayeso amalemba atatchena choncho.

Nde kale lamulo lake linali ndi mbali ziwiri. Amuna: suti yoderapo, masokosi, nsapato zakuda, shati yoyera ya kolala ndi tayi yoyera yagulugufe. Akazi: siketi kapena thalauza loderapo, bulauzi yoyera, masokosi akuda aatali, nsapato zakuda ndi kariboni kakuda pakhosi. Mu 2012 yunivesite inangofufuta mawu awiri aja akuti amuna ndi akazi, mndandanda nkukhala umodzi, ndipo zinayamba kugwira ntchito pa 4 Ogasiti chaka chomwecho. Ndiye lero aliyense amasankha pa mndandanda womwewo, kaya suti, kaya thalauza, kaya siketi, kaya tayi kaya riboni. Zatha pamenepo. Manyuzipepa ndi amene anakokomeza, mutu wankhani unali woti anyamata a ku Oxford tsopano aziloledwa masiketi, poti mutu wotere umagulitsa, mutu woti mtsikana akhoza kumanga tayi yagulugufe ndani angagule nyuzi chifukwa cha zimenezo.

Amene anapempha kusinthako ndi bungwe la ophunzira, makamaka poganizira anzawo amene pa Chingelezi amati transgender, munthu woti anabadwa ndi thupi la mwamuna koma moyo wake wonse amakhala ngati mkazi, kapena mosemphanitsa. Lamulo lisanasinthe munthu wotereyu amayenera kukapempha kaye chilolezo chapadera kwa akuluakulu osungitsa mwambo otchedwa ma proctor, apo ayi avale zimene samavala nkomwe masiku ena onse. Tangoganizani mayi, mmawa wa mayeso omaliza, mmimba mukuotcha kale ndi mantha, uli pa mzere pakhomo la Examination Schools, nyumba yolemberamo mayeso, nde uzidanso nkhawa kuti woyang'anira akuimitsa pamaso pa anzako nkuyamba kukufunsa kuti kodi iwe ndiwe ndani kwenikweni. Kaya inu ndi ine timaziona bwanji nkhani za transgender, ine pamenepo ndimaona kuti pakhomo la mayeso si malo ozengerapo mlandu umenewo. Woyang'anira ntchito yake aone ngati nsapato zili zakuda ndipo mwana alibe foni mthumba.

Za mnyamata wandevuyo chifukwa chake akuchidziwa ndi mwini wake. Ena amavala poti ndi mmene alili, ena kuchitira dala kuti aone ngati lamulo likugwiradi ntchito, ena kungofuna chithunzi choti anzawo aseke. Sindinama, nanenso nditakulitsa chithunzi nkuona ndevu pamwamba siketi pansi ndikanati aaa koma abale. Koma bwererani pa chithunzicho muwerenge mitu, mupeza anyamata ena onsewo ali mmasuti ngati wanuyo.

Chimene anthu ambiri samachidziwa nchoti anawo mwambo wa zovalazi amaukonda okha. Mu 2006 anachita voti yofunsa ngati sub fusc ithe pa mayeso, 81 mwa 100 aliwonse anati ikhale. Anavotanso mu 2015, lamulo la siketi lija litasintha kale, ndipo oposa 75 mwa 100 aliwonse anati ikhalebe. Ali ndi kamwambo kenanso ka maluwa otchedwa carnation kobaya pachifuwa, loyera pa mayeso oyamba, lapinki pa apakati, lofiira pa omaliza, ndiye mukadzaona duwa lofiira pa jekete ya mwana wanu mudzadziwe kuti wamaliza, yambani nthungululu. Ku Cambridge nawo anasintha malamulo a zovala za galajuweshoni mu 2013, ndipo mu 2015 koleji ina yakumeneko ya St Catharine's, yomwe inakhazikitsidwa mu 1473, inachitanso chimodzimodzi pa zovala za ku chakudya chamadzulo cha ulemu chimene amati formal hall. Musaiwalenso kuti masukulu amenewa kwa zaka mazanamazana anali a amuna okhaokha, Oxford inayamba kupereka madigiri kwa akazi mu 1920, Cambridge mpaka 1948, ndiye ndime ya zovala za akazi ija inali chigamba chosokerera pambuyo pa lamulo lakale la amuna.

Apongoziwo atumizireni chithunzicho. Ngati mukuona kuti BP ikwera, foni iliyonse imatha kudula mbali ya chithunzi.

Azakhali,

Ine ndine mkulu wa mpingo ndipo nkhani yomwe ikuyenda ya mayunivesite a ku Ulaya kulola amuna kuvala masiketi yandikhumudwitsa kwambiri. Deuteronomo 22:5 akunena poyera kuti mkazi asavale chovala cha mwamuna ndipo mwamuna asavale chovala cha mkazi. Siketi ndi ya akazi kuyambira kalekale, palibe mwamuna wanzeru zake anavalapo. Inu mukuti bwanji, kapena nanunso mwatengeka nazo?

Mkulu wa mpingo wokhudzidwa

Bambo, vesi mwatchulayo ilipodi ndipo sindilimbana nanu pa za chikhulupiriro, mpingo wanu uli ndi ufulu wophunzitsa anthu ake kavalidwe. Koma pa mawu akuti palibe mwamuna wanzeru anavalapo, pepani, pamenepo ndikutsutsani mwaulemu.

Ku Scotland amuna amavala kilt, nsalu yamandalasi ija yofika mmaondo, ndipo ndi chovala cha ukwati, cha maliro, cha asilikali. Boma la Britain linachita kuiletsa ndi lamulo mu 1746 atagonjetsa anthu a kumapiri a ku Scotland pa nkhondo ya Culloden, osati poti inali yachikazi ayi, koma poti inali chizindikiro cha amuna ovuta omenya nkhondo, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1782. Mfumu Charles amaivala akapita ku Balmoral, nyumba yake ya ku Scotland. Kungoti mukadzakumana ndi wa ku Scotland musadzamuuze kuti wavala siketi, mudzayambana. Ku Fiji akuluakulu a boma amavala sulu, nsalu yomanga mchiuno, pamwamba jekete ndi tayi, nkukalowa nayo mu ofesi ndi mutchalitchi momwe. Ku Myanmar abambo ali mu longyi tsiku lonse. Ku Athens asilikali otchedwa Evzones olondera manda a msilikali wosadziwika amavala kasiketi koyera kofufuma kotchedwa fustanella, kokhala ndi mapindo 400, ndipo amasankha anyamata ataliatali amphamvu zawo.

Nthawi ya Mose yomwe mukunenayo amuna ndi akazi onse amavala mikanjo, yosiyana kasokedwe ndi kakongoletsedwe inde, koma thalauza la zipi mulibemo mmenemo. Ndiye chimene chili chovala cha mwamuna chimadalira dziko ndi nyengo, nsaluyo payokha ilibe chiwalo. Mukatsika pang'ono mu chaputala chomwecho, vesi 11 akuletsa chovala chosakaniza ubweya ndi bafuta, vesi 12 akuti pa ngodya zinayi za chofunda chanu pakhale mphonje. Sindikunena mwachipongwe bambo, ndikungoti akatswiri a Baibulo akhala akukambirana kwa nthawi yaitali kuti mwa malamulo amenewa ndi ati akutimanga lero ndipo motani, ndiye si nkhani yoti ine ndi inu tingaimalize mu magazini.

Mbali ina ya vesiyo, ya akazi ndi thalauza, dziko linakangana nayo kale. Ku Paris kunali lamulo la mu 1800 loti mkazi wofuna kuvala thalauza akatenge chilolezo ku polisi, ndipo ngakhale anthu anasiya kalekale kulitsatira boma linadzalengeza kuti linatha ntchito mu 2013. Mu Senate, nyumba ya malamulo ya ku America, azimayi analoledwa kulowa ndi thalauza mu 1993, maseneta Barbara Mikulski ndi Carol Moseley Braun atangolowa nalo dala. Lero ndani amatembenuka akaona mzimayi mu suti ya thalauza. Yunivesite ngati Oxford muli Akhristu, Asilamu, Ahindu, Ayuda ndi osapemphera, singalembe lamulo la mayeso potengera vesi ya mpingo umodzi, chomwe imachita nkusiya mpata, mwachitsanzo wovala mpango kumutu pa zifukwa za chipembedzo amaloledwa bola ukhale wakuda. Mpata womwewo ndi umene ukuteteza mwana wa mumpingo mwanu kuti avale monga mmene munamuphunzitsira.

Aza,

Ine ndikupita ku UK chaka chamawa kukapanga masters. Nde ngati malamulo a zovala anawachotsa ndiye kuti pa galajuweshoni nditha kungobaya kabudula ndi ma sneaker eti? Suti imandisowetsa mtendere heavy, makamaka kukatentha.

Mfana wa kabudula

Mwanawe, sanachotse malamulo, anachotsa mawu awiri okha. Ukadzafika ndi kabudula ndi ma sneaker oyera adzakubweza pakhomo makolo ako akuonerera, pomwe mnzako wa siketi yakuda ndi nsapato zakuda akulowa bwinobwino, zowawa koma ndi mmene zilili kkkk. Yunivesite iliyonse ili ndi malamulo akeake, ena ofewa ena okhwima, ndiye ukangolandira kalata ya malo ukawerenge pa webusaiti yawo, mtundu wa nsapato ndi masokosi omwe.

Vuto lako la kutenthali anzako ena analithetsa mochenjera. Mu 2013 ku Stockholm ku Sweden madalaivala aamuna a sitima za pa njanji ya Roslagsbanan analetsedwa makabudula ndi kampani ya Arriva, koma pa yunifolomu siketi inali yololedwa, nde anyamata aja anangogula masiketi nkukwera nawo mu sitima, kampani inasowa chonena mpaka inalola makabudula. Mu Juni 2017 ku Exeter ku England kutatentha koopsa, anyamata pafupifupi 30 a sekondale ya Isca Academy anabwereka masiketi a yunifolomu kwa azichemwali awo ndi anzawo nkupita nawo ku sukulu, ena mpaka kumeta miyendo, ndipo sukuluyo inadzalola makabudula chaka chotsatira. Ndiye ngati suti ikukuvutadi, njira ilipo ndipo lamulo likukuikira kumbuyo, kungoti ku Oxford siketiyo imayendera limodzi ndi masokosi akuda aatali othina aja, funsa achemwali ako akuuze mmene amawotchera mu Julayi. Ine ndikanakhala iwe ndikanangogula suti yansalu yopepuka, shati ya kotoni, ndi kabotolo ka madzi, mwambowo ndi wa maola ochepa chabe. Koma ukasankha siketi uwauziretu amayi ako asanakwere ndege.