Kwa madamu a Fomu 3 ofuna kulowetsa nyimbo za gule ndi vimbuza m'kalasi

Madamu, musayambe Lolemba musanawerenge izi. Zomwe mwalemba muno, zoti ana anu 94 aliyense abwere ndi nyimbo kapena nthano yakwawo kuti muziyerekeza ndi za m'buku ndi nzeru yabwino, koma mmene mwakonzeramo mupsa nazo, ndipo onse akukuomberani m'manja muno sadzakhalapo tsiku la mlandu. Ndikulemba mtima ukuwawa, mundikhululukire ndikathamanga.

Kalasi ya kuno ku Kasungu si ya Achewa okhaokha ngati mmene amaganizira olemba silabasi. Muli ana ochokera cha ku Nkhamenya ndi kwa Kaluluma omwe kunyumba amayankhula Chitumbuka, muli ana a matenanti a m'maesiteti a fodya omwe makolo awo adachokera ku Mulanje, Phalombe kapena Machinga, muli a CCAP, Akatolika, Asilamu, ndiponso anyamata omwe adagula njira kale. Onsewa mukuwauza kuti "bweretsani chilichonse chakwanu". Mawu oti chilichonsewo ndi amene adzakuvuteni.

Zimayenda chonchi. Mwana wina wofuna kukusangalatsani wabwera ndi nyimbo ya gule, inu mwailemba pabolodi. Mwafunsa funso lathu la masiku onse lija, kuti kodi akuyankhula m'nyimboyi ndani. Kalasi zii. Anyamata akumbuyo aweramitsa mitu, wina akungotembenuza cholembera. Inu mukuyesa sanamve, mwabwerezanso mokweza. Ndiye kamtsikana kakutsogolo, kakwaya, kakweza mkono n'kutchula poyera zimene wosalowa satchula, kenaka n'kuwonjeza kuti abusa adati zimenezi n'zausatana. Benchi yakumbuyo yagwa. Wina watuluka osapempha. Belu lisanalire mwataya kale kalasi, koma zenizeni zikubwera. Pofika madzulo nkhani yafika kwa mwini mzinda itasintha kale, akuti aphunzitsi akuulula za kudambwe. Kumpingo nayo yafika, kumeneko akuti aphunzitsi akuvinitsa ana gule. Lachitatu mwaitanidwa ku ofesi, mwapeza ahedi, wapampando wa PTA, nduna ya mfumu ndi mkulu wampingo, anthu omwe chaka chonse sagwirizana koma lero agwirizana pa inu. Mpando sakupatsani. Ahedi omwe adasaina sikimu yanu, ndondomeko ya zomwe muphunzitse ija, osaiwerenga ayang'ana pazenera n'kunena kuti "ine izi sindimazidziwa". Akakumverani chisoni mulipira nkhuku, akapanda kutero ndi mbuzi, yochokera pa malipiro anu omwewo. Ndipo wovutika kwambiri si inu. Ndi mwana adabweretsa nyimbo uja, amene aziwopsezedwa panjira mpaka kusiya sukulu, komanso kamtsikana kaja komwe sikadzakwezanso mkono mpaka kulemba MSCE.

Ahedi otere amandinyansa. Alendo a ku divishoni akabwera ndi iwo oyamba kunyadira kuti pasukulu pano ana amaphunzira za chikhalidwe, koma kukangotentha amakuponya pamoto ngati chimanga chootcha. Nawonso otiphunzitsa kumisonkhano amangoti gwiritsani ntchito zopezeka m'dera, alandira alawansi, akwera galimoto, osatchulako n'kamodzi komwe kuti zina zopezeka m'deralo zili ndi eni ake.

Ndiye chitani izi. Choyamba dulani mndandanda. Nyimbo za kudambwe, za kutsimba, za ku jando ndi nsondo, ndiponso za vimbuza zoimbira wodwala, zimenezo ayi. Vimbuza anthu amaiwala kuti ndi gule wochiza, mwana amene mayi ake amadwala sangakondwe anzake akuseka mavinidwe ake. Uzani ana abweretse nthano za Kalulu ndi Fisi, ndagi, miyambi, nyimbo zapamtondo, zotonthoza mwana, zaukwati, za mganda ndi chimtali. Zimenezi zimaimbidwa poyera, palibe angakuzengeni nazo mlandu, ndipo zining'a, zifanifani ndi kubwereza mawu zomwe mukufuna kuphunzitsa zadzaza momwemo. Nyimbo yapamtondo imodzi yonyogodola apongozi ikukwanirani piriyodi yonse.

Chachiwiri werengani nthawi. Ana 94, aliyense mphindi 3, ndi mphindi 282, mapiriyodi 7 a mphindi 40 osaphunzitsa kanthu, kungomvetsera. Simungakwanitse. Agaweni m'magulu 8, a ana 11 kapena 12, ndipo musawagawe potengera mtundu, mukatero mwamanga mipanda nokha, gulu la Atumbuka uko la matenanti uko, kunyozana kwayamba. Sakanizani powerengetsa manambala. Gulu lililonse limvetsere zonse panja pa mtengo, lisankhe ziwiri, likupatseni papepala pofika Lachisanu. Inuyo muziwerenge kunyumba Loweruka. Kanthu kasafike pabolodi musanakaone, ndipo kamene simukukamvetsa kafunseni kwa mphunzitsi mnzanu wobadwira konkuno kapena kwa alonda apasukulu, amadziwa zambiri kuposa mmene timawaonera.

Polemba, gawani tchati pawiri, kuseri kwa kalendala yakale kumagwira ntchito bwinobwino. Kumanzere mawu m'chiyankhulo chake chenicheni, Chitumbuka, Chiyao kapena Chilomwe, kumanja Chichewa. Wowerenga kumanzere akhale mwini chiyankhulo, inu muyesere pambuyo pake, mulakwitse, akukonzeni. Akaseka inu sasekanso mnzawo. Mukayamba ndi kumasulira, n'kusiya chiyankhulo chake pambali, mwanayo amamva kuti chakwawo ndi chongodutsira. Kumbukirani kuti chichokereni 1968, pamene Chichewa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko ndipo Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi, nkhani ya ziyankhulo ili ndi bala, agogo a ana amenewa akuikumbukira. Mwana wa Chitumbuka akanena kuti kwawo nthano amati vidokoni, lembani mawuwo pabolodi, musangogwedeza mutu n'kupitirira.

Pomwe pamatuluka phunziro lokoma ndi pa nkhani za banja. Nthano imodzimodzi ya mwana wamasiye, Mchewa aifotokoza kuti womulanditsa kapena womuzunza ndi malume, mwini mbumba, chifukwa mwana ndi wa kuchikazi. Mtumbuka kapena Mngoni wa kolowola aika abambo aang'ono kapena azakhali. Afunseni kuti chasintha n'chiyani kwa mwininkhani, nanga mkangano wachoka pati wapita pati. Apo mwaphunzitsa ampangankhani, malo ndi mfundo yaikulu popanda kulembetsa manotsi. Kenaka mphindi 10 zomaliza, tsiku lililonse, bwererani ku buku la mayeso. Izi musaphonye, chifukwa a MANEB amafunsa za m'mabuku osankhidwa, sadzafunsa nyimbo ya agogo a mwana, ndipo zotsatira zikadzatuluka zoipa ahedi omwe aja adzati munkangoimbitsa ana nyimbo. Ngati muli ndi Nthondo pashelefu mugwiritseni ntchito pamenepa. Samuel Ntara adamulemba ali mphunzitsi wa mishoni, buku lidatuluka mu 1933, ndipo mwininkhani amathera pa kutembenuka mtima. Funsani ana kuti moyo wa m'mudzi akuuona ndi maso a ndani, nanga akadalemba namkungwi akadasiya ziti n'kuonjeza ziti. Funso limeneli amalimbirana okha, a mpingo ndi a gule omwe, popanda wotchula zosatchula. Anzathu a Chingerezi akafika pa afiti atatu a mu Macbeth amakumana ndi moto womwewu, akambiraneni, mwina n'kugawana kalasi tsiku limodzi.

Mabuku ngati alipo 8 okha monga mwanenera, alembeni manambala, buku limodzi pa gulu, mtsogoleri asaine potenga ndi pobweza, ndipo asapite nalo kunyumba nthawi ya mvula. Ana a matenanti yang'anirani mwapadera fodya akayamba kugulitsidwa ku Chinkhoma, ambiri amasamuka pakati pa teremu, ndiye zopereka zawo zikhale zoyambirira musanawataye.

Sikimu yanu lembanimo zonsezi mzere ndi mzere, ahedi asaine patsamba lomwelo, HOD, mkulu wa dipatimenti yanu, asainenso, mujambule pafoni. Kenaka pitani ndi wapampando wa PTA kwa mfumu musanayambe, mukanene kuti ana azifunsa agogo awo nthano, musapite chimanjamanja.

Koma guleyo musamusiyiretu, ayi. N'zochititsa manyazi kuti Gule Wamkulu ndi Vimbuza adazilemekeza a UNESCO mu 2005, anthu athu chaka chilichonse mu Ogasiti amakhamukira ku Mkaika ku Kulamba, koma mwana wa ku Kasungu amalize Fomu 4 osamvapo m'kalasi kuti nyimbo zimenezi ndi ndakatulo. Mukapita kwa mfumu kuja kapempheni kuti akupatseni munthu wawo, abwere yekha adzaimbe zomwe zimaimbidwa pabwalo anthu onse akumva, iye ndiye adziwa polekezera. Tsiku limenelo inu khalani pabenchi yakumbuyo, choko m'thumba, mafunso ana alembe papepala muyambe mwawasefa. Ahedi akakana, chitanibe Lachisanu masana ngati za kalabu.