Anthu akuona, koma dzina la vutoli ndi la kusukulu

Achimwene, mwafunsa ngati anthu akumudzi amazindikira n'komwe kuopsa kwa kusintha kwa nyengo, poti akungowotcha makala ndi kulima m'mbali mwa mitsinje. Ndikuyankheni ndili kuno ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique.

Amayi anga mukawafunsa za "kusintha kwa nyengo" angokuyang'anani. Koma afunseni za mvula, mukhala pamphasa mpaka dzuwa kulowa. Akuuzani kuti kale chizimalupsa chinkagwa mu Okutobala, Novembala asanathe chimanga chamera. Pano umabzala kawiri, mbewu yoyamba itapsera m'nthaka. Mu Febuluwale 2024, chaka cha El Niño (kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific komwe kumachepetsa mvula kuno), ng'amba inafika chimanga chikuchita ngaiyaye, masamba n'kupiringizika ngati a anyezi. Ankapita kumunda m'mamawa, kukangoima, n'kubwerera khasu lili paphewa. Ntchemberezandonda, mbozi zomwe zinatipeza mu 2017, amazithira dothi pamtima pa chimanga, phesi ndi phesi. Munthu wotere mungati sakuona?

Pomwe timasiyana ndi pa gwero lake. Ena amati Mulungu wakwiya, ena amati pali wina wamanga mvula, ambiri amaloza mapiri omwe mitengo inatha. Za utsi wa mafakitale akunja amatchula ndi ochepa, chonsecho sitima za malasha zimachoka ku Moatize kuno komweko kupita ku doko la Nacala.

Tsono za kuopsazo. Mu Malichi 2019 mtsinje wa Revubue unasefukira n'kumiza nyumba ku Chingodzi, mumzinda wa Tete. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagwetsa mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize, ndipo mkulu wa boma la Tete anakokoloka ndi madzi omwewo. Palibe waiwala. Komabe madzi ataphwa anthu anabwerera kumadimba awo. Si umbuli ayi. Chigumula chimabwera mwa apo ndi apo, pomwe njala ya mu Januwale siiphonya chaka, ndiye munthu amathawa imene yamugwira mwendo. Wa makala uja akudziwa bwino kuti nkhalango ikutha, ndi iye amene chaka chilichonse amapalasa njinga mtunda wotalikirapo kuti apeze mtengo. Koma thumba limenelo ndiye ndalama ya kuchigayo ndi makope a ana. Ku Changara ndi ku Mágoè, kumene mvula ndi yanjomba chikhalire, n'chimodzimodzi: chaka chikavuta anthu amadalira masau, malambe ndi kugulitsa mbuzi.

Chimene ndaona chasintha ndi makutu. Chichitikireni namondwe Freddy mu 2023, abale athu a ku Malawi atakwiririka ndi matope, chenjezo la INGD, bungwe la boma loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, likamveka pa wailesi anthu salitenganso ngati nthabwala. Amayi nawonso anadula munda pakati: kumtunda chimanga chocha msanga, kumunsi mbatata ndi chinangwa. Nditawafunsa amene anawalangiza, anati, "Andilangiza ndani? Nkhokwe inali gwa!"