Yankho kwa amalume: mbalame timangoziwerenga

Eee, amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu ndaumva. Mwati pachithunzi chija ndikutani m'tchire muli chipale chofewa, kaya ndayamba kusaka mbalame, ndipo ngati ndi ganyu amalipira zingati. Ayi amalume, legeni ndinaisiya kumudzi! Timangoziwerenga basi, ndipo palibe amalandirapo ngakhale tambala.

Kuno ku America amati Christmas Bird Count, amayendetsa ndi bungwe loteteza mbalame la Audubon. Kalelo pa Khirisimasi anthu ankagawana magulu n'kumapikisana kuti aphe zambiri ndani. Ndiye mkulu wina wodziwa za mbalame, Frank Chapman, anati bwanji tizingoziwerenga m'malo moziwombera. Anayamba pa Khirisimasi ya 1900, anthu 27 okha m'malo 25, mpaka lero sanadumphepo chaka. Zimachitika kuyambira pa 14 Disembala mpaka pa 5 Januwale.

Mmene zimakhalira, amajambula bwalo pamapu, kudutsa pakati pake ndi makilomita 24. Bwalolo silisuntha, chaka chilichonse ndi lomwelo. Amasankha tsiku limodzi, gulu lililonse amalipatsa mbali yake kuti mbalame imodzi isawerengedwe kawiri. Ine poti ndine mlendo anandipatsa cholembera. Mayi wina wachikulire akamva kulira kokha amatchula dzina, ine n'kulemba, zala zitauma ndi kuzizira mkati mwa magolovesi momwemo. Atsekwe akatera ambirimbiri pamunda wokololedwa simuwerenga mmodzimmodzi, mumawerenga khumi, n'kuona kuti khumiwo atenga malo aakulu bwanji, kenako n'kuyerekeza gulu lonse.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti timalembanso maola amene tayenda ndi mtunda wake. Chifukwa anthu akachuluka chaka chino, mbalame zioneka zambiri, koma sikuti zachulukadi. Ngakhale mbalame imene inkapezeka kale ikasowa, kusowako n'kofunika kudziwika. Ndi mmene akatswiri anaonera kuti mitundu yambiri ikumakhala chakumpoto nyengo yozizira kusiyana ndi kale, poti sikukuzizira ngati mmene kunkachitira. Munthu mmodzi sangazione zimenezo pakhonde pake.

Mbalame zake? Zambiri zimathawira kumwera, monga anamzeze a ku Ulaya amabwerera kwathuko nthawi ya dzinja. Zotsala ndi akhwangwala, njiwa, timpheta, ndi ina yofiira piriwiri, ya nsonga pamutu, amati cardinal. Ikatera pa chipale choyera mbee, eee, simungaiphonye. Kuli inanso ya mutu woyera yofanana ndi nkhwazi ya kunyanja, ija ili pachizindikiro cha dziko lino.

Koma musakawauze agogo izi: ena amadzuka usiku kusanache kukamvetsera akadzidzi. Dala! Kadzidzi akalira iwo n'kumasangalala, kulemba m'buku. Ine gawo limenelo ndinati pitani nokha, mundipeza kukacha.

Madzulo magulu onse amakumana, kudya zotentha, wosonkhanitsa ziwerengero n'kumaitana mtundu umodziumodzi, aliyense kuyankha ngati anauona. Okalamba osatha kuyenda amawerengera pawindo zimene zabwera kudzadya mbewu pakhomo pawo, bola nyumbayo ikhale m'bwalomo.

Ndiye za ndiwo iwalani amalume, ndinabwerako ndi chimfine chokha. Apatseni moni azakhali, ndiimba Lamlungu mukaweruka kutchalitchi.