Mnyamata waiwala kuzimitsa makina, achotsedwe ntchito?

Mayi wina amene amayang'anira antchito pafakitale wanditumizira imelo. Akuti mnyamata wina anaweruka osazimitsa makina, anadzakumbukira ali panjira, n'kubwerera kukaulula yekha. Palibe anavulala, koma abwana akufuna amuchotse ntchito kuti ena atengerepo phunziro. Mayiwa akufunsa ngati n'zothandiza.

Mayi, phunziro atengerapodi, koma lake n'lakuti ukalakwitsa uzingoti zii. Mnyamatayu wanena yekha. Akachotsedwa, wina wotsatira adzaululiranji?

Tengani chitsanzo cha zandege ku America. Pa 1 Disembala 1974, ndege ya kampani ya TWA yopita kubwalo la Dulles, pafupi ndi Washington, inawomba phiri m'chigawo cha Virginia ndipo anthu onse 92 anafa. Oyendetsa atauzidwa kuti ayambe kuyandikira bwalo, anaganiza kuti aloledwanso kutsika, pomwe anali asanadutse mapiri. Chopweteka n'chakuti milungu 6 izi zisanachitike, oyendetsa ndege ya kampani ina, ya United, anamva molakwika chimodzimodzi pamalo omwewo, anangopulumukira mkamwa mwa mbuzi. Anakanena kukampani kwawo, kampaniyo n'kuchenjeza oyendetsa ake. A TWA sanamve kanthu, chifukwa panalibe njira yoti makampani aziuzana zoterezi.

N'chifukwa chake mu 1976 dziko la America linakhazikitsa ndondomeko yotchedwa ASRS, komwe woyendetsa ndege, makaniko kapena wowongolera ndege kubwalo amalemba zimene walakwitsa, dzina lake n'kufufutidwa. Taonani nzeru yake apa: malipoti salandira a FAA, bungwe la boma loyang'anira zandege, amene ali ndi mphamvu yolanda ziphaso, koma a NASA, bungwe lofufuza zakuthambo, amene salanga munthu. Ukalemba pasanathe masiku 10, ndipo ngati sunachite dala kapena kupalamula mlandu, kawirikawiri chilango amakukhululukira.

Sindikunena kuti wobwera ataledzera kapena wochotsa dala zotetezera pamakina azisekereredwa, ameneyo nkhani yake ndi ina.

Mukakakhala pansi ndi abwanawo, afunseni kuti pa nthawi yoweruka amaonetsetsa ndani kuti makina azima, ndipo zinalembedwa pati. Afunseninso kuti mnyamatayo anagwira maola angati tsikulo. Ndikukayika ngati iye ndi woyamba kuiwala. Funsani anzakewo mwamseri, musalembe mayina, kenaka chiwerengero cha amene anaiwalapo mupite nacho kuofesi asanasaine kalata yomuchotsa ntchito.