Mtengo wobisika wa ntchito ya mabanki m'chuma cha dziko

Wowerenga wina wanditumizira imelo yofunsa kuti: "Kodi owerengera chuma cha dziko amadziwa bwanji mtengo wa ntchito ya mabanki, popeza zambiri zimene banki imatichitira sitilipira ndi ndalama zooneka?"

Mumalipira ndithu, kungoti malipirowo amabisala m'chiwongoladzanja. Tiyerekeze kuti mwasungitsa K1,000,000 ndipo banki ikukupatsani 5 peresenti pa chaka, pamene mabanki akamakongozana okhaokha amalipiritsana 15 peresenti. K100,000 imene mwaluza posiya ndalama zanu kumeneko ndiyo mtengo wokusungirani ndalamazo ndi kukulolani kuzitapa tsiku lililonse limene mwafuna. Mwini chigayo akakongola K1,000,000 yomweyo pa 22 peresenti, K70,000 yopitirira pa 15 peresenti ija ndi malipiro a ntchito yomuunika ndi kuyendetsa ngongole yake. Choncho banki imaonedwa kuti yagwira ntchito ya K170,000, ngakhale palibe amene walandira lisiti. Akatswiri amatchula zimenezi kuti FISIM, ndipo zinalowa m'malamulo a bungwe la United Nations owerengera chuma cha mayiko m'chaka cha 1993, n'kukonzedwanso mu 2008. Kuno kwathu mawerengero a chuma cha dziko amachitidwa ndi National Statistical Office ku Zomba.

Pansi pa malamulo akale a United Nations a 1968, ntchito yonseyi inkatengedwa ngati yogwiritsidwa ntchito ndi mabizinesi popanga zinthu zina, motero siinkakweza GDP (mtengo wa katundu ndi ntchito zonse zimene dziko lapanga pa chaka) ngakhale pang'ono. Masiku ano imagawidwa: K70,000 ya mwini chigayo imachotsedwa pa zimene chigayocho chapanga, monga momwe amachotsera mtengo wa magetsi, koma K100,000 yanu, poti ndinu banja osati bizinesi, imawonjezera GDP.

Pamene ine ndimakayika m'pa mlingo wapakati uja wa 15 peresenti. Mbali ina ya chiwongoladzanja chimene wokongola amalipira si mtengo wa ntchito ayi, koma chitetezo cha banki poopa kuti ena sadzabweza, chifukwa chomwecho chimene wakatapila amakwezera chiwongoladzanja kwa munthu amene sakumukhulupirira. Njira imeneyi siisiyanitsa ziwirizi, ndipo zotsatira zake zinaonekera poyera ku Britain. Banki ya Lehman Brothers itagwa ku America mu Seputembala 2008, mabanki anachita mantha n'kukulitsa mpata wa pakati pa mlingo wapakati uja ndi chiwongoladzanja cha makasitomala awo, ndipo ziwerengero za miyezi itatu yomaliza ya chakacho zinaonetsa ngati gawo la mabanki ndi makampani a zandalama ku Britain lakula mofulumira kuposa kale lonse, pa nthawi imene boma linkathira ndalama za amisonkho mu Royal Bank of Scotland kuti isagwe. Andrew Haldane, yemwe panthawiyo ankagwira ntchito ku Bank of England, banki yaikulu ya dziko la Britain, anadzudzula zimenezi mu 2010, ponena kuti ziwerengerozo zinkatenga chiopsezo chimene mabanki anasenza ngati kuti ndi ntchito imene anagwira.